Mbereko Yochokera ku Peru

Chibwerereni kuno kwathu, anthu akabwera kudzandiona amandifunsa za nyumba zazitali zimene amaziona pa mafoni awo, ndiponso ngati n'zoona kuti ku Dubai golide amagulitsidwa poyera ngati tomato. Ndimawayankha monga ndingathere, pakuti si ulemu kubweza mlendo ndi funso lake. Koma kunena zoona, nyumba zazitalizo ine ndinkangoziona pawindo la basi. Wantchito wa m'nyumba dziko la eni amalidziwira m'khichini, ndipo zimene ndinabwera nazo mumtima n'zochepa: mwana mmodzi, mayi wake, ndi kalasi ina ya ana aang'ono imene ndinalowamo kamodzi kokha.

Ndinapita ndili kale mayi wamkulu. Mwamuna wanga atamwalira, munda sunathenso kutidyetsa ndi kuphunzitsa ana nthawi imodzi. Chingerezi chimene ndinaphunzira kusukulu ya mishoni, chimene anzanga ankati sichidzandigulira ndiwo, ndicho chinandikweza ndege. Ana aakulu ndinawasiya akudziyang'anira okha. Chitsiriziro changa, Tadala, ndinamusiya m'manja mwa mng'ono wanga asanayambe n'komwe sukulu.

Nyumba imene ndinafikira inali fulati ya pamwamba ku Al Mankhool, mbali ya Bur Dubai, kumene pansi pake pali timasitolo ta Amwenye ndi fungo la tiyi wa zonunkhira tsiku lonse. Eni nyumba anali a ku Peru, dziko limene ndinalimvapo kamodzi pa phunziro la mapu kenako n'kuliiwala. Bwana ankagwira ntchito kutali m'chipululu ndipo ankabwera mwa apo ndi apo. Madamu Marisol ankagwira ntchito yolandira anthu m'ndege, motero akachoka ankatha masiku angapo ali m'mayiko ena. Anali munthu wamfupi, watsitsi lakuda lowongoka, waukhondo kwambiri, wolankhula pang'ono. Kwa ine anali mzungu basi, pakuti kwathu aliyense wa khungu loyera ndi mzungu, sitifunsa kuti agogo ake ankalima chiyani. Dzina langa la mfunda, Nambewe, linawakanika, choncho m'nyumbamo ndinakhala Nambe.

Mwana wawo, Inesi, ndinamupeza ali khanda, ndipo anali wolira. Madamu anandionetsa kangolo kokankhiramo mwana, kampando kogwedezeka kokha, ndi chinthu china cha malamba ambirimbiri chimene mpaka lero sindidziwa kutsogolo kwake. Zonsezo khandalo linazikana. Tsiku lina Madamu ali paulendo, mwana atalira mpaka mawu kusasa, ndinatulutsa chitenje changa. Ndinawerama, ndinamuika kumsana, ndinaponya nsalu pamwamba pake n'kumanga monga timachitira, nsonga imodzi paphewa, inayo kudzera m'khwapa. Ndisanamalize kutsuka mbale anali atagona. Kuyambira tsikulo msana wanga unakhala kwawo.

Madamu anatipeza chotero masana ena atabwerako. Anaima pakhomo la khichini, chikwama chili m'manja, natiyang'ana nthawi yaitali, nkhope itagwa ngati ya munthu amene wakumana ndi maliro panjira.

"Nambe," anatero potsiriza, "m'nyumba muno palibe kanthu. Koma panja ayi. Panja muzimuika m'kangolo."

Ndinayankha kuti ndamva. Mumtima ndinati, ndi momwemo, azungu amayesa kubereka mwana kumsana n'kutsalira, ndipo akuopa kuti anzawo angaone mwana wawo atamangidwa ngati mtolo wa nkhuni. Sindinafunse, popeza tinaleredwa podziwa kuti kwa eni kulibe mkuwe. Lamulolo ndinalisunga, ndipo maganizo angawo ndinawasunganso zaka zonse zimene mwanayo ankakula.

Anakula bwino, koma anakulira kumbali yanga. Sindinachite dala. Munthu ukakhala ndi mwana awiriwiri kuyambira m'mawa mpaka madzulo, sungamuyimbire m'chilankhulo cha eni. Inesi ankalandira chinthu ndi manja awiri, ankapinda maondo popereka moni, ankati "odi" ngakhale pakhomo la bafa. Akagwa ankalira kuti "mayo ine!" Mayi ake akamulankhula Chisipanishi, chimene ndi chilankhulo cha ku Peru, iye ankayankha m'Chingerezi, natembenukira kwa ine kudzandinong'oneza m'Chichewa. Madamu ankaseka, koma kuseka kwawo kunkathera pamano.

Pano ndiyenera kutchula Esinati, mnzanga wa ku Chipata, amene popanda iye Dubai akanandimeza. Tinadziwana ku mapemphero a Lamulungu m'chipinda china chobwereka. Iye ankakhala ku International City, m'chipinda chimodzi ndi amayi ena ambiri, mabedi osanjikizana, ndipo ndikapita kukamuchezera tinkakhala pabedi lake mitu itawerama, tikukazinga usipa umene wina wabwera nawo kuchokera kumudzi, mpaka Afilipino a m'chipindamo kutsegula mawindo. Ankanditcha mlamu wake, ati chifukwa Amalawi onse ndi akamwini a Azambia. Mwamwayi, Inesi atafika msinkhu wa sukulu, anagwera m'kalasi imene Esinati ankathandiza aphunzitsi kuyang'anira ana.

Sukuluyo inali ya ana a mitundu yonse, ndipo inali ndi mwambo umene ndimausirira mpaka lero. Chaka chilichonse ankapatula nyengo zokumbukira kwawo kwa ana: nyengo ya Amwenye, ya Aluya, ya a ku Africa, ndi ena otero. Kutentha kukayamba kuchepa ankapatula mwezi wa anthu ochokera m'mayiko olankhula Chisipanishi. Ankaphunzira nyimbo zawo ndi malonje awo, ankadula mapepala amitundumitundu n'kuwapachika kudenga, ndipo tsiku lomaliza makolo ankaitanidwa, mwana aliyense wochokera m'mayikowo naimirira kuonetsa anzake chinthu cha kwawo. M'kalasi ya Inesi ana otero analipo atatu: wa ku Mexico, wa ku Colombia, ndi iyeyo.

Nkhani inandipeza pamene ndinapita kukamulandira pabasi ya sukulu. Esinati anatulutsa mutu pawindo, misozi ya chiseko ili m'maso.

"A Nambewe, mwana wanu wanisekesa lelo, nafuna kugwa pansi! Ba ticha bamufunsa ati, 'Inesi, uzationesa chani cha ku Peru?' Yeve ati, 'Ine sindine wa ku Peru, ndine wa ku Ntcheu.' Ntcheu, mlamu! Osati Malawi chabe, wafika mpaka pa boma!"

"Iwe Esinati, tsitsa mawu."

"Nitsitse chani? Manje mukamugulire munda, mwana wa ku Ntcheu safunika kukhala opanda munda."

Basi inanyamuka iye akusekabe. Ine sindinaseke. Ndinadziwa kuti aphunzitsi adzaimbira foni Madamu, ndipo anaimbadi.

Madamu anayesetsa. Anabwera ndi diresi lofiira lonyezimira ndi kambendera ka dziko lawo, namuphunzitsa mwanayo mawu ochepa oti akanene. Inesi anakankhira zonsezo kumbali. Iye anali atakonza kale zake: adzavala chitenje changa, adzabereka chidole chake kumsana, adzaonetsa anzake mmene amaberekera ana kwawo. Mayi ake anamunyengerera, kenako anakalipa, ndipo mwanayo anathawira kumbuyo kwanga nagwira malaya anga zolimba.

M'mawa mwake, mwana atapita kusukulu, Madamu anandiitana. Sanakalipe. Anandikhazika pampando, chinthu chimene sindinkachikonda, nati:

"Nambe, simunalakwe kanthu. Mwamulera bwino kuposa mmene ndikanathera. Koma ine ndilibe mwana. Ndinamubala, ndimamudyetsa, koma ndikalowa m'nyumba muno ndimakhala mlendo wa awirinu. Chikondwerero cha kusukulu chikatha, ndikupezerani banja lina labwino. Mwina inu mukachoka adzandiona."

Ndikanatha kulira kapena kuchonderera, koma mawuwo anandifika pamalo pamene panali kale bala. Nditapita kumudzi patchuthi changa choyamba, ndinapeza nyumba itafoleredwa ndi malata a thukuta langa, ana aakulu atatalika. Ndinatambasula manja kuti ndinyamule Tadala, koma iye anabisala kumbuyo kwa mng'ono wanga nafunsa kuti, "Amama, awa ndi anti a ku Dubai aja?" Mng'ono wanga sanalakwe. Anachita zimene ndinamupempha. Koma kwa kanthawi ndinamuda mwana wa mayi anga yemwe, pamene ankandipatsa madzi osamba. Motero Madamu ndinawamvetsa, ndipo kuwamvetsako kunandiwawa kuposa kuchotsedwa ntchito. Ndinangoti, "Ndamva, Madamu."

Komabe sindinafune kuchoka. Sindibisa kuti ntchitoyo ndiyo inkaphunzitsa ana anga, koma chimene chinkandisowetsa mtendere n'chakuti ndinali nditasiyapo kale mwana mmodzi, ndipo ndinalibe mphamvu yosiyanso wachiwiri. Ndinaganiza kuti mwina Inesi akavomera kukaimirira ngati mwana wa mayi ake, mtima wa Madamu ungafewe. Ndinamukhazika pansi ndikumupesa tsitsi.

"Iwe Inesi, kwathu timati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Kwanu ndi ku Peru. Ukavale diresi lija, mayi ako akondwere."

"Mwendo wa Mami si wochepa," anatero. "Ali ndi miyendo yabwinobwino."

"Usandizunguze mutu. Ukudziwa chimene ndikunena."

"Ku Peru kulibe kanthu, Nambe. Kuli diresi loyabwa ndi mbendera basi. Mami sadziwa n'komwe kubereka mwana kumsana. Amangodziwa kukankha, ngati katundu wa ku supamaketi."

Ndinamudzudzula, ngakhale kuti ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Koma mawu akewo anandipatsa nzeru. Munthu amene wauzidwa kale kuti amange katundu saopanso kulankhula, choncho tsiku lotsatira ndinapita kwa Madamu ndi chitenje m'manja.

"Madamu, mundikhululukire. Ndikudziwa kuti mwambo wathuwu kwa inu ndi wochititsa manyazi. Koma ndi umene mwanayu amaudziwa. Ndisanachoke, ndiloleni ndikuphunzitseni kumanga, kuti mwina tsiku lina akadwala mudzamubereke m'nyumba muno, popanda woona. Iye akuti inu simudziwa."

"Akuti sindidziwa?" Madamu anandiyang'ana ngati ndawaponda chala. "Ndipo inu mukuti kwa ine n'zochititsa manyazi chifukwa ndi mwambo wanu?"

Anapita kuchipinda kwawo, nakwera pampando, natsitsa sutikesi yakale pamwamba pa kabati ya zovala. Pansi penipeni anatulutsa nsalu imene sindinaonepo yotere. Inali yochindikala ngati bulangete, yolukidwa pamanja ndi ubweya wa nkhosa, yofiira, ya mizere yobiriwira ndi yachikasu, ndi timbalame ting'onoting'ono tolukidwa m'mizeremo. Pakati pake inali itapyapyala ndi ntchito. Inkanunkhabe utsi wa nkhuni.

"Ine ndinakulira umu," anatero. "Mayi anga amagulitsa mbatata ya kachewere pamsika, kumapiri. Sanapiteko kusukulu, ndipo ngakhale Chisipanishi amachilankhula mopunduka, ali ndi chilankhulo chawo. Ine ndinakhoza bwino, ndipo ananditumiza kusukulu ya mumzinda waukulu. Tsiku lina anayenda ulendo wautali kudzandiona, naima pachipata cha sukulu atabereka mlongo wanga m'nsalu yomweyi. Atsikana a mumzinda anayamba kuseka, ati taonani wa kumapiri. Anandifunsa kuti ndi ndani." Anasisita nsaluyo. "Ndinawauza kuti ndi wantchito wathu."

Madamu anayala nsaluyo pamiyendo pawo.

"Inesi atabadwa ananditumizira nsaluyi, ine n'kuitsekera m'sutikesi. Tsiku lija ndinakupezani m'khichini, mwana ali kumsana, manja ali m'madzi, sindinaone munthu wa ku Africa ayi. Ndinaona mayi anga."

Zaka zonsezo ndinkayesa kuti akunyoza kwathu, pamene iwo ankathawa kwawo. Ndinatenga nsaluyo kuti ndiyese kumanga monga timachitira, koma inali yaifupi ndi yolimba, nsonga sizinakumane. Madamu anati kwawo samanga choncho. Anayesa kundionetsa, koma manja awo anali ataiwala. Tinaima pamenepo amayi awiri akuluakulu, nsalu itatigonjetsa.

"Palibe kuchitira mwina," anatero Madamu, natenga foni. Ku Dubai kunali madzulo, ku Peru kunali kukucha. Pagalasi la foni panaoneka mayi wachikulire wovala chipewa chachimuna, tsitsi lolukidwa michira iwiri, masaya ofiira ndi chisanu. Ataona nsalu m'manja mwa mwana wawo anayamba atseka pakamwa ndi dzanja. Kenako, atamva chimene tinkafuna, anayamba kukalipa. Sindinamve liwu ndi limodzi lomwe, koma kukalipa kwa mayi n'kumodzi dziko lonse lapansi. Anaimika foni penapake, nayala nsalu ina pansi, naika thumba la mbatata pakati, napindira nsonga ya m'munsi pamwamba pake, nagwira nsonga ziwiri za m'mbali, ndipo kamodzi n'kamodzi anazunguza thumbalo m'mwamba, ilo n'kukatera kumsana. Anamanga mfundo pachifuwa, nsalu itadutsa pamapewa onse awiri.

"Mayo!" ndinakuwa. "Madamu, auzeni kuti mwana saponyedwa m'mwamba ngati chikwanje!"

Madamu anamasulira, ndipo mayiyo anaseka mpaka kutsokomola. Anati ndiwaonetse zathu. Ndinatenga thumba la mpunga m'khichini, ndinawerama, ndinaliika kumsana n'kuponya chitenje. Iwo anapukusa mutu, ati kodi mwanayo sagwa pamene nsalu isanafike? Tinatsutsana ndithu, aliyense akuona kuti mnzake ndiye amaika ana pangozi. Madamu anayesa ndi mpungawo kangapo. Ulendo woyamba thumba linawagunda m'khutu, wachiwiri linagwera pasofa, ndipo pamene linatera bwino kumsana, mayi awo anaomba m'manja nanena kanthu kena kamene Madamu sanandimasulire. Anangopukuta m'maso ndi nsonga ya nsaluyo.

Inesi anatipeza tili choncho pochokera kukasewera. Anayang'ana mayi ake atabereka mpunga, nayang'ana ine.

"Mpunga si mwana," anatero m'Chichewa, nalowa kuchipinda kwake.

Za chitenje sanasinthe maganizo. Madamu anati, "Musiyeni avale chimene akufuna." Za kuchoka kwanga sananene kanthu, ndipo ine ndinayamba kulongedza pang'onopang'ono.

Tsiku la chikondwerero Madamu anandiuza kuti ndipite nawo. Kalasiyo inali yokongola ngati tchalitchi pa Khirisimasi. Kudenga kunali mapepala odulidwa mwaluso, m'makoma mbendera zojambulidwa ndi ana, ndipo makolo tinakhala pa timipando ta ana, maondo ali pachibwano. Ine ndinasankha kampando ka kumapeto, pafupi ndi khoma. Ana onse, Amwenye, Aluya, Achina, akuda ndi oyera, anaimba nyimbo ya Chisipanishi mokweza ndi mosokoneza, aliyense ndi katchulidwe ka kwawo. Mwana wa ku Mexico anagawa timikate ta chimanga tophwatalala timene mayi ake anaphika. Wa ku Colombia anavina ndi bambo ake, bamboyo thukuta lili kamukamu, ana akuwomba m'manja.

Kenako mphunzitsi, mtsikana wodekha wa ku Lebanon, anaitana Inesi. Anatuluka atavala chitenje changa chopinda pawiri, chidole chili kumsana, mfundo yomangidwa bwino lomwe. Anafika kutsogolo, naona maso onse aja, mawu n'kumuthawa. Mwana wina anafuula kuti, "Izo si za ku Peru, ndi za ku Africa! Akunama!" Ena anaseka.

Mphunzitsiyo sanakalipe. Anafunsa kalasi yonse kuti, "Ndani pakati panu anaberekedwapo kumsana, kapena anaona wina kwawo akubereka mwana chotere?" Kamtsikana ka ku Nepal kanakweza dzanja, kenako ka ku Nigeria, kenako ka ku Korea, kamene kanati agogo ake ali ndi nsalu ya zingwe. Esinati, amene anaima pakhomo, anakweza manja onse awiri. Koma kwa Inesi zinali zitachedwa. Misozi inali itayamba, ndipo anathamanga kudutsa pakati pa ana, kudutsanso mayi ake amene anali atatambasula kale manja, kulunjika kwa ine.

Ndinadziwa chimene ankafuna. Chiyambire ali khanda, akachita mantha ankazungulira kumbuyo kwanga n'kukwera. Thupi langa linali litayamba kale kuwerama lokha. Pa zinthu zonse zimene ndinagwira ku Dubai, palibe ntchito inandilemera ngati imene ndinachita pamenepo. Ndinawongoka, ndinatsamira khoma mwamphamvu, osasiya mpata ngakhale wolowa dzanja. Anakoka phewa langa, nayesa mbali inayo.

"Nambe, sunthani!"

"Msana wanga watopa, mwanawe," ndinatero chapansipansi. "Pali wina uko sunagwirepo ntchito."

Anandiyang'ana ngati sakundidziwa, ndipo kuyang'ana kumeneko ndimakuonabe. Koma pamene anatembenuka, anapeza mayi ake atavula nsapato zawo za gogoda, ataima chopanda nsapato pakati pa kalasi, nsalu yofiira ija ili m'manja. Sindinadziwe kuti anali ataitenga. Anaiyala pansi monga anawaonetsera mayi awo, kenako anayang'ana msinkhu wa mwanayo nazindikira kuti ameneyu sangazunguzidwe m'mwamba. Anainyamulanso, nanyonyomala, natembenuzira msana kwa iye, nadikira.

Kudikirako kunatalika. Mphunzitsi anaika chala pamlomo kuti ana asasokose. Inesi anamasula chidole chake, nachiika pamiyendo panga osandiyang'ana, napita pang'onopang'ono. Anakwera monga ankakwerera kwa ine. Madamu anaponya nsalu pamwamba pake, nakokera nsonga pamapewa onse awiri, namanga mfundo pachifuwa. Poimirira anadzandira, pakuti mwanayo sanali thumba la mpunga.

"Yalla, Madamu, yalla!" anafuula Esinati mawu a Aluya otanthauza kuti tiyeni, ataiwala kuti ali pantchito. "Limbani, ni wanu uyo!"

Anaimirira. Miyendo ya Inesi inkalendewera mpaka m'maondo mwawo. Ndipo ali chiberekere choncho, akupuma movutika, analankhula kwa anawo. Anati nsaluyi inalukidwa ndi mayi awo, amene amagulitsa mbatata pamsika kumapiri a ku Peru, ndipo ndi mayi wanzeru kuposa onse amene anakumana nawo m'maulendo awo. Anaonetsa timbalame tolukidwa tija. Anati iwo anagona m'nsaluyo, mlongo wawo anagonamonso, ndipo lero wagonamo mdzukulu. Inesi anali atabisa nkhope m'khosi mwawo. Kenako ananong'oneza kanthu, ndipo Madamu anaseka.

"Akuti ikununkha utsi," anauza kalasi. "N'zoona. Ndi fungo la kwathu."

Zitatero kalasi inasokonekera mokoma. Mwana aliyense anafuna kubereka kanthu. Mphunzitsi anatulutsa nsalu za patebulo ndi matawulo, ndipo zikwama za mabuku zinasanduka makanda. Mzere wina unapita kwa Madamu kukaphunzira kuzunguza, wina unabwera kwa ine kudzaphunzira kuwerama, ndipo mayi wa kamtsikana ka ku Korea kaja anayambitsa mzere wachitatu. Bambo wa ku Colombia anabereka chikwama mozondoka, Esinati namuuza kuti mwana wakeyo akanakhala wamoyo bwenzi apolisi atafika kale. Mwana amene anafuula uja ndinamumangira ndekha chitenje changa, ndipo anakana kuchivula mpaka belu linalira.

Pobwerera, takisi inatitsitsa pakona ya msewu wathu. Inesi anali atagona m'galimoto, ndipo ndinatambasula manja mwachizolowezi kuti ndimunyamule. Madamu anapukusa mutu. Ananyonyomala pambali pa msewu, masana dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa Amwenye a m'masitolo ndi oyendetsa njinga zamoto, ndipo ine ndinangothandiza kumukweza. Anayenda patsogolo, nsapato zili m'manja mwanga pamodzi ndi zikwama ndi chidole. Mfundo inali yokhota, mwana anapendekera mbali imodzi, ndipo zala zanga zinkayabwa kufuna kukonza. Ndinazisunga pa zikwama.

Tili mu lifiti Madamu anatsamira chitseko, thukuta likutsika m'masaya.

"Nambe, msana ukuthyoka. Inu munkatha bwanji zaka zonsezi?"

"Umazolowera, Madamu. Koma suzolowera tsiku limodzi."

"Ndiye mumasule katundu wanu uja. Mukhale mpaka uzolowere."

"Inshallah," ndinatero, monga amanenera Aluya kuti Mulungu akalola, chifukwa mawu ena akanatuluka ndi misozi.

Ndinakhaladi, mpaka Inesi anakula moti panalibenso msana umene ukanamukwana, ndipo anayamba kukangana ndi agogo ake pafoni m'Chisipanishi. Ankandikondabe, ankandinong'onezabe m'Chichewa akafuna kunena mayi ake miseche. Koma kuyambira tsiku la kukalasi lija sanandipemphenso kuti ndimubereke, ndipo ine sindinamuitane.